Chithandizo cha zakudya zakumunda: ndi njira iti ingafike m'mbale ya mwana wa ku Zomba?

Padziko lapansi pakuyenda ndalama zambiri masiku ano zofuna kusintha kadyedwe ka anthu, kuti achepetse nyama n'kumadya kwambiri zakumunda. Nkhaniyi inakula mu Januwale 2019 pomwe akatswiri 37 ochokera m'mayiko 16 anatulutsa lipoti la EAT-Lancet, ndi ndalama za bungwe la Wellcome Trust la ku Britain. Iwo anati munthu azidya nyama yofiira pafupifupi magalamu 14 okha patsiku, ndipo mbale yake idzaze ndi nyemba, mtedza, masamba, zipatso ndi mbewu zosakonola. Chifukwa chake n'chomveka. Ng'ombe zoweta mwaunyinji zimadya malo ndi madzi ambiri, zimatulutsa mpweya wotenthetsa dziko, ndipo kumayiko olemera matenda a mtima ndi shuga akupha anthu odya mopitirira.

Koma uthengawu ukafika ku Chingale, ku Mayaka kapena ku Jali umapeza zinthu zili mwina. M'makomo ambiri kuno nyama imaoneka pa Khirisimasi, pa Eid, paukwati ndi pa sadaka. Mbale yathu ndi yakumunda kale. Chovuta n'chakuti yadzaza ndi chinthu chimodzi, nsima ya ufa woyera, ndiwo n'kukhala zongonyowetsera mbamu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Choncho kwa ife, kudya zakumunda mochuluka kukutanthauza kuonjezera nandolo, mtedza, khobwe, mbatata ndi masamba pambali pa chimanga, osachotsapo kanthu. Ndalemba izi poganizira iwo amene ali ndi kangachepe koti athandize: makomiti a m'mipingo ndi m'mizikiti, abale athu a ku Johannesburg ndi ku London amene amasonkha kudzera pa WhatsApp, magulu a omwe anaphunzira pa Chanco, ngakhalenso mabungwe akunja ofuna kubwera ku Zomba. Njira zilipo zingapo, ndipo sizilemera mofanana.

Yotchuka kwambiri kunjako ndi yopanga nyama yosachokera ku chiweto. Mu 2024 bungwe la Bezos Earth Fund linalonjeza madola 100 miliyoni a kafukufuku wotere, n'kutsegula malo ake pa North Carolina State University, Imperial College London ndi National University of Singapore. Kwa anthu a kumeneko mwina zithandiza. Kuno sindichedwapo, chifukwa nyama yathu ya soya tili nayo kale. Lowani m'golosale iliyonse ku Matawale, ku Chinamwali kapena ku Chikanda, mupeza timapaketi ta soya pieces titapachikidwa pachingwe, ndipo ophunzira a pa yunivesite amene amadziphikira okha amatidziwa bwino kumapeto kwa mwezi. Izi zinafalikira popanda wothandiza aliyense, chifukwa n'zotchipa kuposa nyama, sizifuna firiji, ndipo zimapsa msanga. Ndalama yachifundo isapite pomwe msika wayendetsa kale wokha.

Yachiwiri ndi yophunzitsa chabe: mapulogalamu a pawailesi, zikwangwani, masewero a pabwalo, malaya olembedwa uthenga. Imakopa othandiza chifukwa anthu ofikiridwa amawerengeka mosavuta. Koma pitani ku sikelo ya ana pachipatala chilichonse chaching'ono, mumva amayi akutchula magulu asanu ndi limodzi a zakudya mosadodoma: zokhutitsa, zanyemba, masamba, zipatso, zochokera ku nyama, mafuta. Amawadziwa. Chosowa ndi chakuti mu Febuluwale, pomwe ufa watha ndipo mayi wapita kukagwira ganyu kumunda kwa wina, magulu asanuwo sali m'nyumba. Akatswiri ena atawerengera mtengo wa chakudya chomwe lipoti la EAT-Lancet linalimbikitsa, anapeza kuti chinkafuna pafupifupi madola 2.84 patsiku pa munthu mmodzi, ndipo anthu osachepera 1.58 biliyoni sakanachikwanitsa. Ambiri a ife tili m'gulu limenelo. Maphunziro ali ndi malo ake, ndidzabwererako, koma paokha sasintha mphika.

Phala la kusukulu ndi lolemera kuposa ziwirizi. Mary's Meals inayambira m'Malawi muno mu 2002, ndipo lero imadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko lino ndi Likuni Phala, ufa wa chimanga ndi soya wothira mavitamini. Aliyense amene anaphunzitsapo ku pulayimale akuuzani kuti tsiku lomwe kwaphikidwa phala m'kalasi mumadzaza, ndipo mwana amene wamwa kapu imodzi m'mawa samagona pa desiki. Ndi chakudya chakumunda chenicheni, chofika pakamwa pa mwana tsiku lomwelo, ndipo n'zosavuta kutsata komwe ndalama yapita. Ngati gulu lanu lili kutali ndipo mulibe munthu wodalirika woyang'anira ntchito kumudzi, iyi ndi njira yosapereka nkhawa.

Zofooka zake zilipo zitatu zomwe sizibisika. Kupinimbira kumayamba mwana ali m'mimba mpaka kufika zaka ziwiri, m'masiku 1,000 oyamba, pomwe phala la kusukulu limapeza mwana ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposa. Likhoza kumuthandiza kuphunzira, koma msinkhu womwe unatayika subwerera mosavuta. Kachiwiri, sukulu zikatsekera phala limatsekeranso. Kachitatu, ufa ukamachokera ku fakitale, mlimi wa pafupi ndi sukuluyo sapezapo kanthu, ndipo tsiku lomwe wothandiza wasiya, mbaula imazima. Tinaona mu 2025 momwe ntchito zambiri zinaimira mwadzidzidzi boma la America litatseka USAID, bungwe lake lothandiza mayiko ena. N'chifukwa chake ndimakondwera ndi mtundu wina wa chakudya cha kusukulu womwe WFP, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, yakhala ikuyendetsa m'maboma ena kuphatikizapo Zomba, womwe sukulu imalandira ndalama n'kugula chimanga, nyemba, mtedza ndi masamba kwa magulu a alimi a m'dera lomwelo. Ndi yovutirapo kuyendetsa, imafuna komiti yoona mtima ndi mabuku olembedwa bwino, koma ndalama imatsala m'mudzi.

Tsopano mbewu zanyemba, pomwe pagona nkhani yaikulu. Zomba ndi dziko la nandolo. Mukayenda msewu wa ku Jali mu Julayi, chimanga chitakololedwa kale, minda imakhalabe yobiriwira ndi nandolo, ndipo ana amakhala akudya makata, nandolo wamuwisi wowiritsa ndi makoko ake. Nandolo amapirira ng'amba chifukwa mizu yake imapita pansi, masamba ake akayoyoka amabwezera chonde, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Alimi amadziwa kale Mthawajuni, wocha msanga, ndipo ofufuza anatulutsa mitundu ina ngati Mwaiwathu alimi. Pali ulimi wobzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kubzalamo chimanga, womwe umathandiza kwambiri banja la munda waung'ono losakwanitsa matumba a feteleza. Minda ya kuno ndi yaing'onodi. Thumba la mbewu yabwino ya mtedza wa CG7, kapena nyemba za NUA45 zomwe zili ndi ayironi ndi zinki wambiri, likhoza kuzungulira mabanja angapo ngati wolandira abweza mbewu akakolola kuti ipite kwa mnzake.

Koma kulima nyemba si kudya nyemba. Kwa mabanja ambiri nandolo ndi mtedza ndi ndalama ya fizi ndi malata, ndipo mavenda amafika ndi sikelo zawo mbewu isanaume n'komwe. Nandolo wathu wambiri amapita ku India, ndipo dzikolo litaika malire pa nandolo wolowa mu Ogasiti 2017, mtengo unagwa moti alimi ambiri anataya mtima. Mu 2021 India inagwirizana ndi Malawi zogula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, komabe phunziro linatsala: mbewu yomwe tsogolo lake limagamulidwa kutsidya la nyanja siyenera kukhala yogulitsa yokha. Zosungidwa nazo zili ndi adani. Anankafumbwe amaboola khobwe ndi nandolo m'miyezi yochepa, ndipo mtedza wosauma bwino umachita chuku chomwe chimaononga chiwindi. Choipa kwambiri n'chakuti mtedza wabwino umapita kumsika, wofota ndi wobooka n'kutsala kuti usinjidwe nsinjiro ya ana. Wopereka mbewu amene sanaganizire matumba osalowa mpweya ngati a PICS, ndi kaumitsidwe ka mtedza, wachita theka la ntchito.

Palinso nkhuni, zomwe othandiza ambiri saziwerengera. Nyemba zouma zimatha maola pamoto. Mayi wa ku Sadzi kapena ku Mpondabwino wogula makala a kajumbo amayamba waganiza kawiri asanatereke nyemba, ndipo tonse tikuona momwe mapiri a Zomba ndi Malosa akuyerera. Kunyika nyemba m'madzi usiku wonse, kuphika chipere chochotsa makoko, mbaula zosatha nkhuni, izi n'zazing'ono koma ndi zomwe zimagamula ngati nyemba zidyedwe kawiri pasabata kapena kamodzi pamwezi. Soya naye ali ndi kaphikidwe kake. Ukamunyowetsa ndi madzi ozizira ali wamuwisi amanunkha, ana n'kumukana. Amafunika kumuthira m'madzi owira kale kapena kumukazinga asanapite kuchigayo.

Anzathu a ku Ekwendeni anadutsa m'zonsezi. Ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities inayambira pachipatala cha kumeneko mu 2000 chifukwa cha ana onyentchera omwe ankagonekedwa. Anayamba ndi kugawa mbewu zanyemba, kenaka anaona kuti zokolola zokha sizikufika kwa ana. Anayamba kuchita masiku ophikira limodzi ndi zokambirana zomwe abambo ndi agogo aakazi ankakhalapo, chifukwa ndi iwo amene amalamula chogulitsa ndi chomwe mwana adye. Patapita zaka, ana a m'midzi yomwe inatenga mbali kwa nthawi yaitali ankakula bwino kuposa anzawo. Kuno kwathu, mosiyana ndi ku Ekwendeni, malo nthawi zambiri amayendera kuchikazi, komabe ndalama ya nandolo kawirikawiri imagwiridwa ndi bambo, choncho phunziroli likutikhudza.

Mbatata yofiira mkati ndi njira yofulumira. Ili ndi vitamini A wochuluka, ana amaikonda chifukwa imatsekemera, ndipo masamba ake ndi kholowa wa ndiwo. Ntchito yofalitsa mbatatayi mu Africa inapatsa Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low mphoto ya World Food Prize mu 2016, pamodzi ndi Howarth Bouis. Kuno tili ndi Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire. Futali wa mbatata yotere wothira nsinjiro ndi chakudya cha m'mawa chokwanira, choposa tiyi ndi buledi. Vuto lake ndi mbewu. Kholowa sasungidwa m'thumba ngati nyemba, amafuna chinyontho chaka chonse, ndipo mbuzi zotayirira m'chilimwe zimamumaliza. Ntchito zambiri zimagawa mitolo kamodzi, mvula yachiwiri ikamabwera mbewu itasowa. Ngati mwasankha njira iyi, ndalama yanu ipite kwa alimi ochepa okhala ndi madimba m'mbali mwa Likangala, Domasi kapena Thondwe kuti azichulukitsa mbewu n'kumagulitsa kwa anzawo mu Disembala.

Chimene chimandiwawa ndi masamba athu. Bonongwe, chisoso, luni, denje, nkhwani, khwanya, chitambe, chigwada. Ambiri amamera okha, safuna mankhwala ngati repu ndi kabichi, ndipo ali ndi michere yochuluka kuposa kabichi yemwe timamulemekeza paukwati. Sapeza wothandiza chifukwa palibe kampani yogulitsa mbewu yake, ndipo ana athu a m'tauni akukula akuwaona ngati ndiwo za umphawi. Agogo athu ankafutsa masamba nthawi ya dzinja, kuwawiritsa pang'ono, kuwayanika, n'kuwakulunga m'chikwatu cha masamba a msuku chomwe ankachipachika kudenga la khitchini. Mu Okutobala, kunja kutauma, ankamasula chikwatu n'kutendera mfutsowo. Luso limeneli likutha pamodzi ndi eni ake. Kuliutsa sikufuna mamiliyoni: choyanikira chokwezeka pamthunzi kuti masamba asapserere ndi dzuwa, mayi wachikulire wodziwa woti aphunzitse, ndi kukumbutsana kuti soda wambiri m'ndiwo amapha mavitamini. Payokha njira iyi sikhutitsa, koma ndi yotchipa kuposa zonse.

Ndikafunsidwa komwe ndingaike ndalama yanga, ndimati ku sukulu ya mkombaphala, ndipo chifukwa chake chinayesedwa konkuno ku Zomba. Pakati pa 2015 ndi 2016, Save the Children pamodzi ndi ofufuza a IFPRI, bungwe lofufuza za ndondomeko za chakudya, ndi a Chancellor College anatenga sukulu za mkombaphala 60 m'boma lino. Theka la sukuluzi linapatsidwa mbewu zosiyanasiyana ndi anapiye, munda wa sukulu unasanduka pophunzirira ulimi, ndipo makolo ankasinthana kubwera kudzaphikira ana uku akuphunzira kasakanizidwe ka zakudya. Patatha chaka, mabanja a kumeneko ankalima mbewu zamitundumitundu ndipo ana ankadya zakudya zakasinthasintha kuposa a sukulu zina. Chodabwitsa chinaoneka mwa azing'ono awo, a miyezi 6 mpaka 24, omwe sanali kupita n'komwe ku mkombaphala: kupinimbira kunali kochepa pakati pawo poyerekeza ndi anzawo a midzi ina. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2018.

N'zosavuta kuona chomwe chinachitika. Mayi amene lero ndi tsiku lake lophika amafika m'mawa, mwana wamng'ono ali kumbuyo. Amatereka mphika, kuthira mgaiwa, nsinjiro, mfutso wosinja wa nkhwani, mwina ndi mbatata yofiira yophwanya. Amaona ndi maso ake ana akumaliza phala lobiriwira lomwe ankaganiza kuti alikana. Madzulo amakaphika lomwelo kunyumba, ndi zinthu zochokera m'munda mwake, ndipo wa kumbuyo uja amadya nawo. Mbewu, maphunziro ndi mphika zimakumana pamalo amodzi, pomwe njira zina zija zimagwira chimodzichimodzi. Mudzi umasonkha chimanga, mfumu imapereka malo a munda, ndiye wothandiza akachoka chinachake chimatsala.

Sindikubisa kulemera kwake. Alezi a ku mkombaphala ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, ndipo munthu wanjala sangalere ana a mudzi wonse mpaka kalekale. Chaka cha njala zosonkha zimasowa nthawi yomwe zikufunika kwambiri. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anakokolola minda, ndipo mu Marichi 2024 boma linalengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha chilala cha El Niño. M'zaka zotere munda wa sukulu sukwanira, pamafunika thumba lapadera logulira ufa kuyambira Disembala mpaka Marichi, kapena ndalama zopatsa mabanja m'manja monga zimakhalira ndi Mtukula Pakhomo. Ndalama ya m'manja imalemekeza wolandira ndipo imafika msanga, koma chimanga chikakwera mtengo yonse imathera kuchimanga, ndipo palibe angamudzudzule mayi pa zimenezo.

Pali chinthu chimodzi chomwe wothandiza aliyense wobwera ndi uthenga wa zakumunda asakhudze: matemba. Nsomba zing'onozing'ono za ku Chilwa, zouma, zodyedwa ndi mutu ndi minga yomwe, ndi zomwe zimapatsa mwana wa m'mudzi kasiyamu, zinki, ayironi wolowa msanga m'thupi ndi vitamini B12, amene m'zomera mulibe. Kamulu kamodzi ka matemba a ku Kachulu kokazinga n'kusinja kakhoza kuthiridwa m'phala la mwana masiku angapo. Ofufuza ena ku Mangochi anapatsa ana aang'ono dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo msinkhu wawo sunasiyane ndi wa anzawo. Anaganiza kuti china mwa zifukwa zake n'chakuti ana a kumeneko amadya kale nsomba. Lipoti la EAT-Lancet lomwelo silinaletse nsomba, mazira kapena mkaka, ndipo linavomereza kuti madera ena a Africa akufunika kuonjezera zotere. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutero. Kuteteza mitsinje yoithira madzi, yomwe imachokera m'mapiri omwe tikuwotcha makalawa, ndi gawo la ntchito ya kadyedwe, ngakhale sizilembedwa choncho m'mapepala opemphera ndalama.

Kwa gulu la ndalama zochepa, malangizo anga ndi awa. Sankhani mkombaphala umodzi kapena iwiri yomwe ikugwira kale ntchito, yokhala ndi komiti yamoyo, osayamba yatsopano. Musanagule kanthu khalani pansi ndi mlangizi wa zaulimi wa m'deralo, mlangizi wa zaumoyo ndi amfumu, ndipo amayi ophika aja anene okha mbewu zomwe akufuna. Ku Chingale kotentha sangasankhe zofanana ndi a m'munsi mwa phiri ku Malosa. Gawani ndalama pa mbewu ya nandolo, mtedza, khobwe ndi mbatata, matumba osungira, miphika ndi mbaula, kangachepe ka alezi kudzera m'banki mkhonde yawo, ndi thumba la miyezi ya njala. Konzekerani kukhalapo nyengo zitatu zaulimi, chifukwa chaka chimodzi chikhoza kugwa m'chilala n'kukunamizani kuti njirayi yalephera. Ndipo ndalama ya mbewu ifike mu Okutobala. Mtedza umafuna kubzalidwa ndi mvula yoyamba, ndipo wobzala mu Januwale amakumana ndi matenda a khate n'kukolola makoko opanda kanthu.